Makoswe a Tepi Yabuluu

Pa labotale ija panalibe amene ankamuitana ndi dzina lake la pa chitupa. Kuyambira Pulofesa mpaka mlonda wa pageti, onse ankangoti Anamakoswe, ndipo iye anasiya kalekale kukwiya nalo. Anali atatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akusamalira makoswe oyera m'chipinda cha kumapeto kwa khonde, chimene ophunzira ankadutsapo atagwira mphuno. Iye fungolo sankalimvanso. Mkodzo wa makoswe unali utamupha mphuno, moti mkaka ukamapserera pamoto kunyumba kwake ankachita kuuzidwa ndi aneba.

Ntchito yake inali ndi lamulo limodzi, ndipo ankalisunga kuposa mmene ena amasungira malamulo a kutchalitchi: chimene wachitira khoswe uyu, chitiranso uyo. Madzi ofanana, chakudya choyeza pa sikelo, utuchi wogonapo wochokera m'thumba limodzi. Ngakhale makola ankawasinthanitsa Lolemba lililonse, a pamwamba kupita pansi, a kuwindo kupita kukhomo, kuti pasapezeke khoswe wodzanamizira kuzizira. Anthu ophunzira amakonda kunena kuti sayansi imachitikira m'mutu. Bodza lenileni. Imachitikira m'manja mwa munthu wovala jombo amene dzina lake sililembedwa pa lipoti.

Chaka chimenecho kunabwera wophunzira wina, mtsikana woonda wa magalasi aakulu, amene anzake ankamuti Kamagalasi. Anabwera ndi makoswe makumi anayi ndi kabotolo kabulawuni ka mankhwala ophera tizilombo ta m'munda. Makola makumi awiri anawamata tepi yofiira, ena makumi awiri tepi yabuluu. A tepi yofiira azimwetsedwa kadontho ka mankhwalawo m'mafuta m'mawa uliwonse kwa masiku makumi asanu ndi anayi, a tepi yabuluu azimwetsedwa mafuta okhaokha. Pamapeto pake adzayerekeze magulu awiriwo.

“Mu ubongo muli kanthu kotchedwa enzayimu, amayi,” anatero Kamagalasi tsiku loyamba, akulemba manambala pa michira ya makoswe. “Ntchito yake ndi ngati yanuyi, kusesa. Mtsempha ukatumiza uthenga, enzayimuyo imausesa ukangofika kuti wotsatira upeze malo. Ndiye mankhwalawa amaimanga manja. Uthenga umangounjikana. Nyama imayamba kunjenjemera, kutuluka dovu, kupsa mtima, kuiwala njira.”

Anamakoswe anatsitsa botolo la madzi limene ankatsuka. Mtsikanayo sankadziwa, koma anali atangofotokoza matenda a mlongo wa Anamakoswe.

Mlongo wakeyo anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mwana woti anamulera yekha amayi awo atamwalira. Anagwira ntchito yopopera mankhwala pa famu ya maluwa zaka khumi ndi chimodzi, m'nyumba zapulasitiki zotentha ngati uvuni, chophimba kukamwa chili chong'ambika. Anali munthu woseka, wokonza mawailesi a anthu Loweruka masana. Kenako manja anayamba kunjenjemera. Ankati akatumidwa shuga n'kubwera ndi sopo. Tsiku lina anasochera pobwerera kunyumba imene anamanga yekha, ndipo tsiku lina anamugwira kapitawo pakhosi chifukwa cha ndowa. Pa famu anamuimitsa ntchito n'kulemba pa kalata kuti ndi chidakwa, munthu woti chiyambire sanalawepo ngakhale dontho. Mkulu wa bungwe la antchito anayesa kumuyankhulira, koma mabwana anangoti, “Tibweretsereni pepala la akatswiri lonena kuti ndi mankhwala athu.” Ndipo dzina la pa kabotolo kabulawuni kaja linali lomwe lija limene Anamakoswe analiona kambirimbiri pa zigubu za pa famu popita kukamutenga mlongo wake akakomoka.

Choncho pepala limene mabwana ankafunalo linali m'manja mwake, likupuma m'makola makumi anayi. Lipoti likadzatuluka, mlongo wake adzachotsedwa dzina la uchidakwa, adzapita kwa madokotala enieni a za ubongo, ndipo sadzaberekanso mpope pamsana. Anamuuza mlamu wake zimenezi Lamlungu lina, awiriwo akuchapa kuseri kwa nyumba.

“Limbani mtima, alamu. Miyezi itatu yokha. Makoswe sadziwa bwana, sadziwa wantchito.”

“Tiona,” anatero mlamu wake, akufinya ovolosi yakale ya mwamuna wake. “Ine za mapepala ndinatopa nazo.”

Palibe makoswe amene anasamalidwapo ngati amenewo. Ankafika dzuwa lisanatenthe, kuyeza kutentha kwa chipinda, kuwerenga timitu tonse. Ankamugwira khoswe aliyense pachikopa cha pakhosi mofatsa, Kamagalasi n'kulowetsa kapaipi kukamwa. Lachitatu lililonse ankawaika m'bokosi la njira zokhotakhota, chakudya chili kumapeto, mtsikanayo ali ndi wotchi m'manja kuwerenga kuti khoswe watenga nthawi yaitali bwanji ndipo walakwitsa kangati. Bokosilo ankalipukuta pakati pa khoswe ndi khoswe kuti wotsatira asangotsata fungo la mnzake.

Sabata yachitatu utuchi unatha. Utuchi wa pa labotale unkabwera m'matumba osindikiza, wophikidwa kale kuti majeremusi afe, ndipo matumba atsopano sanabwere. Anamakoswe anapita kwa mkulu wa sitolo ya zipangizo katatu. Ulendo woyamba anamuuza kuti pepala lili pa desiki ya bwana. Wachiwiri bwanayo anali ku msonkhano. Wachitatu mkulu wa sitoloyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku jombo n'kunena kuti, “Amayi, anthu akusowa mipando yokhalira muno, inu mukulirira matiresi a makoswe?” Anaseka yekha, monga amachitira anthu okhala ndi makiyi.

Khoswe akagona pa utuchi wonyowa sabata imodzi amayamba chifuwa, ndipo khoswe wa chifuwa si mboni. Anamakoswe sanafune kuti ntchito ya mlongo wake ifere pa desiki ya munthu. Kumsewu wa kwawo kunali kalipentala wina wopanga mabedi ndi zitseko, amene kuseri kwa shedi yake kunali mulu wa utuchi wofika m'chiuno. Anamupempha, kalipentalayo n'kunena kuti, “Tengani wonse, mwandithandiza kusesa.” Anausefa kuchotsa misomali ndi tizipapati, anauyanika padzuwa masiku awiri poti makina ophera majeremusi a pa labotale anafa chaka chatha, n'kuunyamula matumba awiri pa basi. Kamagalasi atauona anamugwira manja onse awiri.

“Mwandipulumutsa, amayi. Koma tisauze a Pulofesa, angayambe za mafomu.”

Ndipo Anamakoswe anachita monga mwa lamulo lake. Anatenga chitini chimodzi choyezera n'kuthira zitini ziwiri m'khola lililonse, lofiira ndi labuluu, osakondera. Anachita chimodzimodzi sabata iliyonse mpaka mapeto, ngakhale matumba osindikiza aja atabwera mochedwa, poti kusintha utuchi kawiri pakati pa ntchito n'kusokoneza makoswe.

Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi a tepi yofiira anayamba kuonetsa. Ndevu zawo zinkanjenjemera ali chigonere. Ena ankanyowa pachibwano. Wina, wa nambala seveni, amene kale ankakwera yekha padzanja, anamuluma Anamakoswe chala mpaka magazi. M'bokosi muja ankaima pamphambano n'kumangozungulira. Anamakoswe ankawamvera chisoni, komanso pansi pa mtima ankasangalala, ndipo chisangalalo chimenecho chinkamuchititsa manyazi. Ankawanong'oneza kuti, “Pepani ana anga, nenani zoona basi.”

Chimene chinamusowetsa mtendere ndi a tepi yabuluu. Nawonso sanali bwino kwenikweni. Sankatuluka dovu, koma ubweya wawo unali utasiya kuwala, ndipo m'bokosi ankachedwa kuposa makoswe abwinobwino amene iye ankawadziwa kwa zaka zonsezi. Anamuuza Kamagalasi.

“Akukula amenewo, amayi, ulesi wayamba. Musadandaule, manambala adzayankhula okha.”

Tsiku la makumi asanu ndi anayi linafika. Anamakoswe ndi amene ankawagoneka ndi mpweya wogonetsa, mmodzimmodzi, monga ankachitira nthawi zonse, osayang'ana kumbali. Kamagalasi ankachotsa ubongo, kanthu kochepa ngati nyemba, n'kuuika pa ayezi. Atausinja anauthira m'timachubu ndi madzi ena oyera. Anafotokoza kuti enzayimu ikakhala yamphamvu madziwo amasanduka achikasu kwambiri, ikakhala yomangidwa manja chikasucho chimangoti mbuu. Anamakoswe anaima pakhomo ndi mopu yake kudikira. Timachubu ta makoswe a tepi yofiira tinatuluka totuwa, monga ankayembekezera. Kenako tinatuluka ta a tepi yabuluu. Natonso tinali totuwa, kusiyana kwake kochita kufunafuna ndi maso.

Mtsikanayo anabwereza kawiri. Anaika manambala onse mu kompyuta, a ubongo ndi a m'bokosi, kompyuta n'kunena kuti kusiyana kulipo koma n'kochepa kwambiri, kotheka kungochitika mwangozi. Pulofesa anabwera, anayang'ana atapinda manja, n'kunena kuti zotsatira ndi zotsatira, ngakhale zosakoma. Patatha miyezi inayi lipoti linatuluka. Mawu ake omaliza ankati pa mlingo umenewo mankhwalawo sanasinthe enzayimu ya mu ubongo kapena khalidwe la makoswe poyerekeza ndi amene sanamwe. Kamagalasi anavala mkanjo wa digiri n'kupeza ntchito mumzinda wina. Anamakoswe anapatsidwa chidutswa cha keke pa kapepala.

Anayenda miyezi imeneyo ngati munthu wothiridwa madzi ozizira. Kwa mlongo wake anasiya kupitako, poti akanakanena chiyani? Mwina mabwana ankanena zoona. Mwina ndi matenda a m'magazi mwawo. Koma chala chake chinali ndi chipsera cha nambala seveni, ndipo ankadziwa zimene maso ake anaona.

Choonadi anachipeza Loweruka lina masana, atanyamula mpando wothyoka mwendo kuti kalipentala uja akaukonze. Kalipentala sanali pa benchi yake. Anamupeza kuseri kwa shedi, atamanga kansalu pamphuno, akupopera mulu wa utuchi uja ndi kampope ka m'manja.

“Mukutani pamenepo, bambo?”

“Chiswe, amayi! Chimayambira mu mulu umenewu n'kulowa m'matabwa. Ndikapanda kupopera mwezi uliwonse, mabedi onsewa ndingagulitse fumbi.”

“Mwezi uliwonse? Kuyambira liti?”

“Iii, kalekale. Chibwerereni pano. Ndimathira wokhathamira bwino, osati zoseweretsa.”

Botolo linali pansi, pafupi ndi phazi lake. Anamakoswe sankadziwa tanthauzo la dzina lalitali lolembedwa m'munsi mwa chithunzi cha chiswe, koma zilembo zake, zomwe zija za pa kabotolo kabulawuni, ankazidziwa ngati nkhope ya mdani. Anatola utuchi wodzadza dzanja n'kuununkhiza. Sanamve kalikonse. Kalipentala anati, “Simukumva? Ine mpaka mutu umandiwawa.” Munthu wina aliyense akanaumva utuchi umenewo tsiku loyamba, usanaume padzuwa. Makoswe a tepi yabuluu, amene ntchito yawo yonse inali kukhala oyera kuti kuipa kwa anzawo kuoneke, anagona pa poizoni masabata khumi, akumupuma, akumunyambita m'mapazi. Ndipo anawayalira ndi iye, zitini ziwiri khola lililonse. Akanakhala waulesi, akanathira kwina n'kusiya kwina, bwenzi ena atapulumuka n'kuulula. Chinawononga zonse ndi kusamala kwake komweko. Mpando uja anauiwala pomwepo.

Lolemba m'mawa anagogoda pa ofesi ya Pulofesa asanavale n'komwe jombo. Pulofesa anali munthu wa imvi, waulemu, woti sanamukalipirepo. Anamvetsera mpaka mapeto, kenako anadzuka n'kutseka chitseko.

“Zimenezi zinalembedwa m'buku la chipinda cha makoswe?”

“Ayi, bwana.”

“Utuchiwo ulipo woti tingauyeze?”

“Tinkawotcha sabata iliyonse, monga mwa lamulo.”

“Ubongo uja tinataya firiji itawonongeka. Ndiye mwandibweretsera chiyani, amayi? Nkhani ya pakamwa.”

“Kalipentala alipo, bwana. Botolo lilipo. Lipoti lija likunama, ndipo wanamitsa ndine.”

Pulofesa anavula magalasi n'kupukuta m'maso. “Mukudziwa chimene mukupempha? Mwana wa eni uja timulande digiri. Labotale ino ilembedwe kuti imagoneka nyama pa zinyalala za mumsewu, ndipo palibe adzatipatsenso ntchito. Inuyo mwalowetsa katundu wosaloledwa, umenewo ndi mlandu wochotsedwa nawo ntchito lero lomwe.”

“Ndichotseni, bwana. Koma mubwereze.”

“Ndi makoswe ati? Amene anatipatsa ntchitoyi analandira lipoti lawo, anathokoza, nkhani inatsekedwa. Madzi akatayika sawoleka.” Anatsegula chitseko mwaulemu womwe uja. “Mwagwira ntchito yabwino zaka zambiri. Ine sindinamve kanthu lero.”

Ulemu wa mtundu umenewo umapweteka kuposa mbama, chifukwa sukusiyira poyambira kulira. Anamakoswe anamuimbira Kamagalasi ali pakhonde. Mtsikanayo atamva nkhaniyo anayamba kufwenthera. Anati aganize kaye, adzaimba. Sanaimbe, ndipo sabata yotsatira nambalayo inasiya kulowa. Anamakoswe anapitanso kwa mkulu wa bungwe la antchito, amene anamufunsa funso limodzi lokha, ngati ali ndi pepala.

Lamlungu anakwera basi kupita kwa mlongo wake. Anamupeza atakhala pakhonde, wailesi yotsegula m'mimba ili pamiyendo, akulimbana ndi kasikuluu kamene zala zake zinkakana kukagwira. Anali ataonda, koma nkhope yake inawala atamuona.

“Achemwali! Mwatitaya chonchi? Khalani, khalani. Mayi a kunyumba, bweretsani tiyi, kwabwera alendo a patali.”

Mlamu wake anabweretsa tiyi n'kuima pakhomo, osakhala pansi. Anamakoswe sanakhudze kapu. Anali atakonza mawu ambiri m'basi, koma onse anathawa, anangoyamba ndi utuchi. Ananena zonse, mkulu wa sitolo, kalipentala, chitini choyezera, chitseko cha Pulofesa. Sanadzichepetsere mlandu ngakhale pang'ono.

“Iwe sudwala mutu wachibadwa, ndipo sindiwe chidakwa. Ndi mankhwala aja. Makoswe akananena, koma ndinawatseka pakamwa ndine.”

Mlongo wake anamuyang'ana, milomo ikunjenjemera. Kenako anatenga wailesi ija n'kuimenyetsa pansi, tizitsulo n'kumwazika mpaka pabwalo.

“Inu! Inu achemwali! Ana anga amatchedwa ana a chidakwa kusukulu, inu muli kuyalira makoswe poizoni? Munandilera kuti mudzandiphe nokha?”

Analira ngati mwana, dovu likutsikira pamalaya. Mawuwo ankamulasa Anamakoswe, komabe anamva ngati chotupa chaphulika. Tsopano mwini wake wadziwa. Akhoza kumuda moyo wake wonse, bola akudziwa kuti mankhwala aja ndi amene anamudya. Mlongo wakeyo anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba, akupukuta nkhope ndi mkono.

Azimayi awiriwo anatsala akutola tizitsulo ta wailesi. Mlamu wake ndi amene anayamba kuyankhula, maso ali pansi.

“Lipoti lanu analimata pa bolodi ku famu. Anthu anali atayamba kukana kupopera chifukwa choona alongo anuwa. Ndiye kapitawo anabwera Lachinayi. Akuti abwerere ku ntchito mawa, anzawo aone kuti ngakhale iwowa sakuopa.”

“Ndipo inu mwalola?”

“Ine ndilole ndine ndani? Ndawaletsa kasanu. Ndikawaletsa amamva, amalumbira kuti sapita. Pakapita kanthawi amafunsa kuti jombo zanga zili kuti.”

Sipanathe theka la ola. Mlongo wake anatulukira pakona ya nyumba nkhope itatsukidwa, atanyamula ovolosi yatsopano yobiriwira imene kapitawo anasiya, ikadali ndi mizere ya m'pepala. Ataona mlendo pakhonde anaima n'kumwetulira mpaka m'makutu.

“Achemwali! Mwabwera nthawi yanji? Mwamva nkhani yabwino? Andiitana ku ntchito! Akuti pepala la ku labotale kwanu lanena kuti mankhwala aja alibe vuto. Ndinawauza anzanga onse kuti makoswe amenewo anawasamalira ndi achemwali anga, munthu wosalakwitsa. Zikomo, achemwali. Mwandibwezera ulemu.”

Anagwada pang'ono n'kumugwira dzanja ndi manja ake onse awiri, ndipo kunjenjemera kwawo kunakwera mpaka m'phewa mwa Anamakoswe. Iye anatembenukira kwa mlamu wake ngati wopempha thandizo. Mlamuyo anathira tizitsulo ta wailesi m'thumba la epuloni, n'kutenga kapu ya tiyi wozizira uja.

“Auzeninso, alamu,” anatero. “Ine ndimawauza chinthu chimodzi kakhumi patsiku, chaka chachitatu chino. Basi ya ku famu imanyamuka sikisi koloko m'mawa. Muli ndi nthawi yokwanira kuti akudeni kangapo.”

Analowa m'nyumba. Mlongo wa Anamakoswe anali atavala kale mkono umodzi wa ovolosi kuti amuonetse mmene ikumukhalira, ndipo ankalimbana ndi batani loyamba.

“Tandithandizani apa, achemwali,” anatero. “Zala zangazi zikuchita manyazi ndi zovala zatsopano.”